MLENDO WA M'MADZI OZIZIRA

Pamwamba pa phiri la Nyika, pafupi ndi nkhalango ya paini ya ku Chelinda, pali madamu atatu a madzi ozizira kwambiri. Kwa zaka zambiri alendo ankafika pa madamuwa atanyamula ndodo zazitali zowedzera, kufuna nsomba ya mawangamawanga yotchedwa trout. Nsombayi si mbadwa ya dziko lino, ndipo amene anaibweretsa sanali ndi njala. Iwo ankafuna masewera.

Masewerawa ndi osiyana ndi kuwedza kumene mwana wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amakudziwa. Msodzi wa trout sakolowekapo nyongolotsi kapena nsima pa mbedza yake. Iye amatenga tinthenga ta tambala kapena ta bakha ndi kutimangirira pa mbedza ndi ulusi, mpaka mbedzayo ioneke ngati kachilombo kouluka kamene kagwera pamadzi. Nyambo yotereyi ndi yopepuka zedi, yosaponyeka payokha, choncho cholemera ndi chingwe. Msodzi amachikupiza m'mwamba, kumbuyo ndi kutsogolo, kenaka n'kuchigoneka pamadzi mwakachetechete. Padamu ntchitoyi imavuta kuposa pamtsinje, pakuti madzi odikha amapatsa nsomba mpata woyang'anitsitsa bodza limene aiponyera. Chithunzithunzi cha munthu chikangogwera m'madzi, nsomba ija zii.

Lusoli ndi lakalekale. Cha m'ma 200, mlembi wa ku Roma dzina lake Aelian anafotokoza za anthu a ku Macedonia amene ankanyenga nsomba ndi ubweya wofiira ndi nthenga za tambala. Ku England buku lophunzitsa kumanga nyambo zotere linasindikizidwa mu 1496. Pofika zaka za m'ma 1800, kuwedza trout ku Britain kunali kutasanduka masewera a anthu opata, chifukwa mitsinje yabwino inali m'manja mwa eni minda ikuluikulu, ndipo mmphawi wogwiramo nsomba ankayesedwa mbala.

Angerezi atayamba kulamulira maiko akutali, anapita ndi chilakolako chimenechi. Kunyamula trout yamoyo ulendo wa miyezi pachombo kunali kosatheka, koma anatulukira kuti mazira ake akasungidwa m'mabokosi ozunguliridwa ndi madzi oundana, amachedwa kuswa. Mu 1864 chombo chotchedwa Norfolk chinanyamula mazira otere kuchokera ku London kupita ku Australia, ndipo anakaswa pachilumba cha Tasmania. Posakhalitsa mtundu wina wa trout, wokhala ndi mzere wofiirira m'nthiti, umene kwawo ndi kumadzulo kwa North America, unayamba kutumizidwa m'maiko ambiri chifukwa umapirirako kutentha. Mtundu umenewu ndiwo unafika m'dziko lino mu 1906.

Nthawi imeneyo likulu la boma la atsamunda linali ku Zomba, ndipo pamwamba pa phiri la Zomba pamayenda mtsinje wa Mulunguzi, wa madzi oyera ndi ozizira. Tikumbukire kuti njanji inali isanafike ku Blantyre, pakuti inafika mu 1908. Katundu wochokera kunja ankalowera pa doko la Chinde, n'kukwera ndi sitima m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, kudutsa m'chigwa chotentha ngati ng'anjo, kenaka n'kusenzedwa pamutu ndi amtengatenga. Kuti atsamunda avutike ndi mazira a nsomba pa njira yotere, pamene sukulu ndi zipatala zambiri boma lawo linazisiya m'manja mwa amishoni, zikutionetsa chimene chinali pamtima pa akuluakulu a ku Zomba. Iwo ankafuna kuti phirilo liwakumbutse kwawo.

Kuchokera apo trout inaikidwanso m'mitsinje ya pamwamba pa phiri la Mulanje ndi ya ku Nyika, ndiponso m'madamu aja a ku Chelinda. Inafika pamodzi ndi malamulo ake. Wowedza anayenera kugula chiphaso, kuwedza pa nyengo yololedwa yokha, ndi kugwiritsa ntchito nyambo ya nthenga basi. Malamulowa anali ndi nzeru, pakuti nsomba zochepa za m'kamtsinje ka paphiri zikhoza kutha tsiku limodzi ndi ukonde kapena katupe. Komabe anatsekera kunja munthu wamba wodziwa mono ndi mbedza, amene sakanatha kugula ndodo yochokera kutsidya kwa nyanja. Ndiwo ya m'mudzi sinasinthe ngakhale pang'ono.

Phindu linabwera mwa njira imene eni masewera sanailingalire. Malo oswetsera trout pa phiri la Zomba ndiwo anali chiyambi cha ulimi wa nsomba m'Malawi. M'zaka za m'ma 1950 boma linatembenukira ku nsomba zathu zomwe, makumba ndi chilunguni, ndipo linatsegula malo ofufuzira ulimiwu ku Domasi, kunsi kwa phiri lomwelo. Maiwe a nsomba amene alimi amakumba m'madimba anachokera kumeneko.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma nsomba yachilendo ikalowa m'madzi siiona msana wa njira. Trout ndi yolusa: imadya tizilombo, ambululu ndi tinsomba ting'onoting'ono. Ku South Africa ndi ku Lesotho yachepetsa kwambiri tinsomba tina tachibadwidwe ta m'mitsinje ya m'mapiri. Tsoka lalikulu koposa linagwa pa Nyanja ya Victoria, kumene nsomba ina yolusa, Nile perch, inaikidwa m'zaka za m'ma 1950. Pofika m'ma 1980 inali itachulukana koopsa, ndipo mitundu yambirimbiri ya nsomba zachibadwidwe, za fuko limodzi ndi mbuna ndi utaka wathu, inazimirira.

Nanga Nyanja ya Malawi, imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, inapulumuka bwanji, pamene mitsinje ya ku Nyika imakathira m'menemo? Yankho ndi kutentha. Trout imafuna madzi ozizira a mpweya wambiri, ndipo imaikira mazira m'timiyala ta m'madzi oyenda. Ku Nyika, mamita oposa 2,000 pamwamba pa nyanja ya mchere, chisanu chimagwa m'miyezi ya June ndi July, pamene madzi a pamwamba pa Nyanja ya Malawi amakhala ofunda chaka chonse. Nsombayi ikatsika phiri imafooka isanafike kumene kumaswera mpasa ndi sanjika. Mpanda umenewu sanamange ndi atsamunda. Anaupeza ulipo, ndipo unatchinga mlendo wawo.

Nsomba zina zachilendo sizitchingika ndi mpanda wotere. Mu 1976 m'dziko muno munabwera nsomba yoweta yotchedwa carp, imene imakula bwino m'madzi ofunda. Alimi anaikonda chifukwa cha kunenepa kwake, koma akatswiri a za nsomba anaopa kuti tsiku lina madzi osefukira adzaikokolola kuchoka m'maiwe n'kukaitula m'nyanja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linaletsa kuweta nsombayi.