Nyuzi za Mwini Dziko ndi Makutu a ku Ndirande

M'zaka za m'ma 1970, munthu wa ku Ndirande kapena ku Zingwangwa akagula nyuzi ankadziŵa kuti akuŵerenga mau a mwini dziko. Malawi News idayamba mu 1959 ngati nyuzi ya chipani cha Congress. The Times idaloŵa m'manja mwa Kamuzu Banda mu 1972, nisanduka Daily Times mu 1973, chaka chomwenso atolankhani angapo adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu.

Kotero anthu adaphunzira kuŵerenga zosalembedwa. Dzina la nduna likasoŵa m'nyuzi, ankadziŵa kuti zake zada. Nkhani zenizeni zinkamveka m'basi, pamsika, ndiponso pa BBC usiku, wailesi ili yonong'ona.

Kalata ya mabishopu a Chikatolika ya pa 8 Malichi 1992 boma lidaitcha youkira, koma idayendabe dzanja ndi dzanja. Mu Meyi antchito a ku David Whitehead adanyanyala, Blantyre nagwedezeka. Pofika pa referendamu ya 1993, nyuzi zatsopano zidadzaza misewu.

Komabe mu 2011 Bingu wa Mutharika adasaina lamulo lopatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzi. Lidafafanizidwa mu 2012, litatikumbutsa kuti chitseko chotsegulidwa chimatha kutsekedwanso.