Mmene Buku Linafikira pa Bwalo la Nthano

Buku lisanafike m'dziko lino, ana a m'midzi anali kale ndi sukulu yawo ya madzulo. Ntchito yokolola ikatha, chimanga chili m'nkhokwe, ana ankasonkhana pamoto kapena m'kuka mwa agogo awo aakazi. Agogo akati "Padangotelo," ana onse ankavomera kuti "Tili tonse," ndipo mwana wosinza ankadziwika msanga, pakuti mawu ake ankasowa pa kuvomerako. Masana nthano inali yoletsedwa, poopa kuti madzi angapande kutungidwa ndi mbuzi zingalowe m'munda wa eni. Choncho mwana ankaswera tsiku lonse akudikira kuti dzuwa lilowe.

Pa bwalo limenelo mwana ankaphunzira chinthu chimene mphunzitsi aliyense amachilakalaka koma sangathe kuchilemba pa bolodi: kukhala chete chifukwa chofunitsitsa kumva zotsatira. Kalulu wagwidwa pachitsime, nanga apulumuka bwanji? Njala ya kumva mapeto a nkhani ndiyo imene imachititsa mwana kutembenuza tsamba la buku popanda womukakamiza. Mbiri ya kuwerenga m'Malawi ikuonetsa kuti njala imeneyi inalipo kale, ndipo buku linakondedwa nthawi zimene linatha kuikwaniritsa. Pamene linalephera, ana analisiya pa desiki.

Malembo anabwera ndi amishoni. A Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre anakhazikika mu 1876, a Anglikani anamanga pa chilumba cha Likoma mu 1885, ndipo a Dutch Reformed anayamba ntchito ku Mvera mu 1889 asanatsegule Nkhoma mu 1896. Akatolika anafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Mipingo imeneyi inkasiyana pa zambiri, koma pafupifupi yonse inayamba ndi sukulu, ndipo ingapo inaika makina osindikizira mabuku pa malo ake.

Sukulu ya kumudzi inali nyumba yofolera ndi udzu, imene Lamulungu inkasanduka tchalitchi. Mphunzitsi, amene mwiniwake anali ataphunzira zaka zochepa chabe, ankapachika tchati cha malembo pa khoma, ana n'kumaimba a, e, i, o, u, kenako ba, be, bi, bo, bu. Ankayamba kulemba ndi chala pa dothi, pambuyo pake pa sileti. Chichewa chinawathandiza ana amenewa koposa mmene ambiri amaganizira: mawu ake amalembedwa monga momwe amatchulidwira, kotero mwana wodziwa maphatikizo amatha kuwerenga liwu limene sanalionepo. Mwana wa ku England amavutika zaka ndi kalembedwe ka chinenero chake. Mwana wa ku Dowa ankatha kudutsa chigwa chimenecho m'miyezi yowerengeka. M'mipingo ina, wachinyamata wofuna kubatizidwa ankayembekezeka kudziwa kuwerenga, ndipo lamulo limeneli linadzaza masukulu.

Koma kudziwa malembo ndi kukonda kuwerenga ndi zinthu ziwiri. Chimene chinayamba kupatsa malembo ulemu pakhomo chinali kalata. Kuyambira m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, msonkho wa nyumba ndi kusowa kwa ntchito zinathamangitsira amuna ambiri ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni. Ena ankabwerera patapita zaka ziwiri, ena anasanduka matchona. Chimene chinkalumikiza mudzi ndi anthu amenewa chinali kapepala kopindidwa, kofika kudzera pa mishoni, pa boma kapena m'thumba la mnzawo wobwerera. Mayi wolandira kalata sankadziwa kuwerenga. Ankaitana mwana wa sukulu, mwina wa zaka khumi zokha, n'kumukhazika pa mphasa. Mwana uja ankawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mzere, akuluakulu atatchera khutu ngati ana pa nthano. Akafika pa mawu onena za ndalama ya msonkho kapena za bulangete limene likubwera, ankauzidwa kuti abwereze. Akamaliza ankalemba yankho, amayi ake akumuuza zoti alembe: za mvula, za matenda, za maliro, za mwana wobadwa atate ake atachoka. Nthawi zina kalata inkanyamula mawu osayenera khutu la mwana, monga akuti bambo wakwatira kumeneko, ndipo wowerenga wamng'onoyo ndiye ankayamba kuwadziwa. Ana ambiri a nthawi imeneyo anazindikira pa mphasa pomwepo kuti malembo ali ndi mphamvu yoliza ndi yoseketsa anthu aakulu, ndipo palibe chikwapu cha mphunzitsi chikanatha kuwaphunzitsa zimenezo.

Mu 1922 Buku Lopatulika lonse linasindikizidwa, litamasuliridwa motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, mothandizana ndi amishoni a mipingo ina ndiponso aphunzitsi a m'dziko lino amene ankadziwa kukoma kwa chinenero. Kwa mabanja ochuluka ili linali buku loyamba kulowa m'nyumba, ndipo kwa zaka zambiri linali lokhalo, pambali pa buku la nyimbo. Linkawerengedwa mokweza madzulo, pa kuwala kwa moto kapena kwa koloboyi. Kwa mwana, nkhani ya Yosefe wogulitsidwa ndi abale ake ndi ya Davide woweta nkhosa sizinkasiyana kwenikweni ndi za agogo: zinali ndi wanjiru, wochenjera, wamasiye ndi mapeto odikirika. Pa nthawi imeneyo, m'nyumba zotere, buku ndi bwalo la nthano zinakumana.

Komabe mwana womaliza mabuku a kusukulu ndi a kutchalitchi analibe kolowera. Nyuzi za amishoni, monga Mthenga, zinalipo, koma zinali za akuluakulu. Boma la atsamunda linachedwa kulowererapo; dipatimenti ya maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, patapita zaka 50 amishoni akuphunzitsa okha. Ndiye kunatulukira mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, Samuel Josia Ntara, wobadwa mu 1905. Bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London linkachititsa mpikisano wa zolemba m'zinenero za mu Africa, ndipo Ntara anapambana ndi nkhani yake ya Nthondo, imene inasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira, T. Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi pa dzina lakuti Man of Africa.

Omvera achikulire amene anawerenga Nthondo akudziwa chifukwa chake bukuli linagwira mitima. Likutsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake, ubwana wake wopulupudza, ulendo wake wokafuna ntchito kutali, kufikira atakhala mfumu ya mudzi ndi kutembenuka mtima. Ena amati mapeto ake akununkha mishoni kwambiri, ndipo sakunama. Koma mwana wa ku Lilongwe kapena ku Ntchisi anapeza m'bukumo mphala, nkhokwe, mtsibweni ndi milandu ya pabwalo, zinthu zimene ankaziona tsiku ndi tsiku koma sankadziwa kuti zingalowe m'buku. Ntara anapitiriza ndi Mbiri ya Achewa, Nchowa ndi Msyamboza. Stephen Kumakanga anasonkhanitsa miyambi ndi nthano m'buku la Nzeru za Kale, ndipo E. W. Chafulumira analemba timabuku tambiri tokhudza banja ndi mbiri ya Amang'anja. Mu 1948 maboma a Nyasaland ndi Northern Rhodesia anakhazikitsa bungwe limodzi losindikiza mabuku, likulu lake ku Lusaka, kotero kuti ana a ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, ankawerenga mabuku amodzimodzi ndi anzawo a ku Dedza.

Ufulu utabwera mu 1964, mbadwo wina wa olemba unali utakonzeka. John Gwengwe analemba Kukula ndi Mwambo ndi Sikusinja ndi Gwenembe, E. J. Chadza analemba Ntchito za Pakamwa ndi Kokha Mcheperawakalulu. Pambuyo pawo kunabwera Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani. Mabuku amenewa ankalembedwa pa mayeso, n'zoona, koma umboni wa kukondedwa kwawo unali wina: ankasowa m'kabati ya sukulu, n'kukapezeka kumudzi zikuto zitathothoka, atadutsa m'manja mwa mchimwene, mlongo, msuweni ndi mnansi. Magazini ya Moni, imene inayamba mu 1964, inkayenda ulendo womwewo, ndipo tsamba lake likatha kuwerengedwa ndi onse linkamatidwa pa khoma, pamene mwana wamng'ono ankaphunzirirapo malembo osadziwa kuti akuphunzira. Lamulo lokhazikitsa National Library Service linaperekedwa mu 1967, ndipo ntchito inayamba mu 1968.

Chaka chomwecho cha 1968 chili ndi mbali ina imene kale sinkanenedwa poyera. Msonkhano waukulu wa chipani cholamula unagamula kuti Chichewa chikhale chinenero cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'masukulu ndi pa wailesi. Kwa mwana wa ku Kasungu chigamulo chimenechi chinali mwayi. Kwa mwana wa ku Rumphi, amene agogo ake anaphunzira kuwerenga m'Chitumbuka pa mabuku a ku Khondowe, chinatanthauza kuti buku loyamba la kusukulu linkalankhula chinenero chosiyana ndi cha nthano za amayi ake. Ana a Chiyao, a Chitonga, a Chisena ndi a Chinkhonde anali pa vuto lofananalo. Ambiri anaphunzira ndithu, ena mpaka anapambana, koma mlatho wochokera pamoto kupita pa tsamba unali utadulidwa, ndipo mwana ankayenera kuwoloka yekha. Chitumbuka chinabwerera pa wailesi mu 1994.

Mu 1994 momwemo boma latsopano linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. Chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo palibe kholo losauka lingachinyoze. Koma mabuku sanachuluke mofanana ndi ana. Makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo, buku limodzi likuzunguliridwa ndi mitu ingapo, ena akuliwerenga chozondoka. Aphunzitsi ambiri, poopa kuti mabuku ochepawo angang'ambike, ankawatsekera m'kabati belu likalira. Sanali ankhanza, ankasunga katundu amene sankadziwa tsiku lodzalandira wina. Koma zotsatira zake zinali zakuti buku linaleka kugona kunyumba. Ndipo kunyumbako, madzulo anali atayamba kale kulandidwa, poyamba ndi wailesi, kenako ndi nyumba za kanema za pa misika, pambuyo pake ndi foni za m'manja. Boma linayambitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira mu 2016, koma ndondomeko ya boma imathera pa khomo la kalasi.

Nkhani ya mnyamata wina wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ikuonetsa zimene zimachitika buku likaloledwa kutuluka pa khomo limenelo. William Kamkwamba anabadwa mu 1987, ndipo anakulira m'banja la alimi mmene atate ankakambira ana nthano usiku. Njala ya 2001 ndi 2002 itasesa nkhokwe, makolo ake analephera kulipira fizi ya ku sekondale ndipo iye anakhala pakhomo. Pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe panali kachipinda ka mabuku operekedwa ndi anthu a ku America, ndipo munthu ankaloledwa kubwereka n'kupita nalo kwawo. Mnyamatayo anayamba kupitako poopa kutsalira m'mbuyo mwa anzake. Chingerezi chake chinali chochepa, kotero ankayamba ndi zithunzi, n'kufufuza mawu olozera pa chithunzicho mmodzimmodzi, mothandizidwa ndi woyang'anira mabukuwo ndi dikishonale. Ndi ana angati a msinkhu wake amene anatsegula mabuku omwewo n'kuwatseka chifukwa cha chinenero, palibe anawawerenga. Bwenzi atakhala a m'Chichewa, mwina nkhaniyi ikanakhala ya anyamata ndi atsikana ambiri.

Pa chikuto cha buku lina, lotchedwa Using Energy, panali chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Kamkwamba anatolera zitsulo zotayidwa, chopepera cha injini ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga yakale ya atate ake ndi dayinamo, n'kuimika nsanja ya mitengo ya bulugamu kuseri kwa nyumba. Anansi ankamuyesa wamisala, ena ankati wayamba kusuta chamba. Mu 2002, ali ndi zaka 14, mphepo inawomba, mapiko anazungulira, ndipo babu linayaka m'dzanja lake anthu akuonerera. Atakokera waya m'chipinda chake, anayamba kugona mochedwa, akuwerenga mabuku ena a m'kachipinda ka ku Wimbe pa kuwala kwa magetsi ake, pamene mudzi wonse unali utazimitsa nyali.