Uvuni ngwa yani? Maphunziro a mutu ndi manja mu Nyasaland, 1876 mpaka 1940

Mawu oyamba

M'Chichewa mawu akuti uvuni ali ndi matanthauzo awiri. Munthu akanena kuti mawa ayatsa uvuni, mwina akunena mulu wa njerwa zosawotcha umene wausanja ndi kuumata kuseri kwa nyumba, mwinanso akunena kanyumba ka njerwa kophikiramo buledi ndi masikono. Mawu atatuwa, uvuni, buledi ndi sikono, adachokera ku Chingerezi, ndipo adakhazikika m'chiyankhulo chathu pa nyengo ya amishonale ndi atsamunda.

M'nkhani ino ndikutsata mbiri ya mauvuni awiriwa pofuna kuyankha funso limene aphunzitsi akhala akulimbana nalo kuyambira kale: kodi kuphunzitsa mwana ntchito za manja pamodzi ndi za m'buku kumamumasula, kapena kumangomukonzekeretsa kukhala wantchito wa ena? Mfundo yanga ndi yoti luso palokha siliyankha funsoli. Tiyenera kufunsanso kuti uvuniwo ngwa yani, ndiponso ngati wophunzirayo akuloledwa kupitirira pamene aphunzitsi ake amulekezera.

Njerwa za ku Blantyre ndi ku Khondowe

Amishonale a Church of Scotland adakhazikitsa mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876. Kuyambira pachiyambi, sukulu ya pamishoniyi sinali ya kuwerenga ndi kulemba kokha. Ophunzira ankalimanso m'munda, kupala matabwa ndi kumanga. Umboni waukulu wa maphunziro amenewa ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott. Iyeyu sadaphunzirepo zojambula mapulani a nyumba, ndipo amene adaumba, kuwotcha ndi kusanja njerwa zake anali anthu akuda a m'deralo, omwe adaphunzira ntchitoyo akuigwira. Scott yemweyo ndiye adatulutsa dikishonale ya Chimang'anja m'chaka cha 1892, chizindikiro chakuti kwa iye chiyankhulo ndi ntchito za manja zinali mbali za maphunziro amodzi.

Amene sadawotchepo njerwa angaganize kuti ntchitoyi ndi ya mphamvu chabe, koma si choncho. Woumba amasankha dothi, nthawi zambiri la pachulu, n'kuliponda mpaka litagwirana. Amaliika m'chikombole, kenako njerwa amaziyanika ataziphimba ndi udzu kuti dzuwa lisazing'ambe. Posanja uvuni amasiya makomo pansi olowetsera nkhuni, amawerengera njerwa za mzere uliwonse, ndipo kunja amamata ndi matope kuti moto usathawe. Moto ukachepa njerwa zimatuluka zosapsa, ukachuluka mbali imodzi zimapindika ndi kumatirirana. Apa pali masamu, pali kudziwa nthaka, paliponso kugawana ntchito usiku ndi usana.

Kumpoto, Robert Laws adasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Khondowe m'chaka cha 1894, ndipo sukulu yake, Overtoun Institution, inkaphunzitsa ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku pambali pa Chingerezi, masamu ndi zauzimu. Ambiri mwa anthu amene adayambitsa mabungwe oyankhulira anthu akuda, monga Levi Mumba wa North Nyasa Native Association yomwe idayamba mu 1912, adadutsa m'maphunziro a Livingstonia. Kumeneko manja ankaphunzira osatsekereza mutu.

Uvuni wa kukhitchini

Uvuni wachiwiri udalowa mwakachetechete, kudzera kukhitchini. Makolo athu anali ndi mkate wawo, wa ufa ndi nthochi, wokulunga m'masamba. Ngakhale lero chigumu, chomwe ena amati chikondamoyo, chimapsa bwinobwino mumphika wokhala ndi makala pansi ndi pachivundikiro. Buledi wa tirigu ndiye adadza ndi zofuna zake: ufa wachilendo, chotupitsa, zitini ndi uvuni.

Uvuni wa buledi umagwira ntchito mosiyana ndi mafuwa. Wophika amakoleza moto mkati mwa kanyumbako mpaka njerwa zitatentha, kenako amafula makala, amasesa phulusa, amalowetsa zitini n'kutseka khomo. Chimene chimapsetsa buledi si lawi ayi, koma kutentha kumene njerwa zasunga. Choncho wophika ayenera kudziwa nthawi imene mtanda watupa mokwanira ndi nthawi imene uvuni wafika poyenera, ndipo ziwirizi ziyenera kukumana.

M'nyumba za amishonale, za akuluakulu a boma ndi za eni minda, luso limeneli linali m'manja mwa amuna akuda olembedwa ntchito ngati akhukhi. Iwo ankadziwa kuphika buledi, koma ufa, uvuni ndi tebulo zinali za bwana. Mmodzi mwa anyamata amene adagwirapo ntchito ya m'nyumba yotereyi anali John Chilembwe. Joseph Booth atafika m'dziko muno mu 1892 n'kuyambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, Chilembwe adalowa ntchito pakhomo pake, kuphika ndi kusamalira mwana wake wamkazi, Emily. Kusiyana kwake n'kwakuti Booth sadamusiye kukhitchini. M'chaka cha 1897 adapita naye ku America.

Mkangano umene Chilembwe adaupeza ku America

Chilembwe adafika ku America anthu akuda a kumeneko ali pa mkangano wa maphunziro. Booker T. Washington, yemwe adatsegula sukulu ya Tuskegee mu 1881, ankakhulupirira kuti ana a akapolo omasulidwa adzapeza ulemu kudzera m'ntchito za manja. Ophunzira ake adamanga okha nyumba za sukuluyo. M'buku lake lotchedwa Up From Slavery, la mu 1901, iye akufotokoza kuti mauvuni atatu oyamba a njerwa adalephera, mpaka adakapinyolitsa wotchi yake kuti apeze ndalama zoyesera kachinayi. W. E. B. Du Bois adamutsutsa m'buku la The Souls of Black Folk mu 1903, poona kuti maphunziro a manja opanda maphunziro apamwamba ndi ufulu wovota angasiye anthu akuda ali antchito a azungu mpaka kalekale.

Chilembwe sadaphunzire ku Tuskegee. Adaphunzira ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg, sukulu ya mpingo wa Baptist wa anthu akuda, yomwe mkulu wake, Gregory W. Hayes, ankalimbikira zoti anthu akuda aziyendetsa okha sukulu zawo. Ndikuona kuti phunziro limeneli, la umwini, ndi limene Chilembwe adabwera nalo kwawo.

Mbombwe ndi Magomero

Atabwerera mu 1900, Chilembwe adayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, ndi thandizo la National Baptist Convention. Amishonale awiri akuda ochokera ku America, Landon Cheek ndi Emma DeLany, adagwira naye ntchito mpaka 1906. DeLany, yemwe adaphunzira ku Spelman Seminary, ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka ndi kusamalira pakhomo, ntchito yomwe mkazi wa Chilembwe, Ida, adaipitiriza. Ana mazanamazana ankaphunzira m'sukulu za mishoniyi, ndipo pofika 1913 anthu a ku Mbombwe anali atamaliza tchalitchi chachikulu cha njerwa zowotcha.

Tikayang'ana ndandanda ya zophunzitsidwa, palibe chachilendo kwenikweni. Kuwerenga, kulima, kusoka ndi kumanga zinkaphunzitsidwanso ku Blantyre. Chachilendo chinali chakuti malo, sukulu, njerwa ndi ulamuliro zinali m'manja mwa munthu wakuda. Munthu wowotcha njerwa ku Mbombwe ankamanga chinthu chimene akanatha kuchitchula kuti chathu.

Pafupi pomwepo panali minda ya A. L. Bruce Estates ku Magomero, yoyang'aniridwa ndi William Jervis Livingstone. Kumeneko anthu ankagwira thangata, kutanthauza ntchito yokakamizidwa yolipirira malo amene ankakhalapo. Eni mindayi sankalola sukulu pamalo awo, ndipo matchalitchi a udzu amene otsatira Chilembwe adamanga kumeneko adatenthedwa. Manja a anthu ankafunidwa kwambiri ku Magomero, koma osati mitu yawo.

Pa 23 Januwale 1915 otsatira Chilembwe adaukira, ndipo Livingstone anali mmodzi mwa azungu atatu amene adaphedwa. Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale. Asilikali a boma adaphulitsa tchalitchi cha ku Mbombwe. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yolemera: tchalitchi cha Scott ku Blantyre chilipo mpaka lero, pamene cha Chilembwe chidagwetsedwa patangopita zaka pafupifupi ziwiri chimalizidwire. Zonse zinali za njerwa zoumbidwa ndi manja a anthu akuda. Chidasiyana ndi mwini wake.

Maphunziro oyenera munthu wakuda

Boma litakhazikitsa komiti yofufuza chimene chidayambitsa kuukirako, azungu ena a m'minda adaloza chala sukulu za mishoni, ponena kuti zikupatsa anthu akuda mtima wodzikweza. Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre adaikira kumbuyo maphunziro a anthu akuda pamaso pa komitiyo. Anthu akuda ophunzira amene adapereka umboni adadandaula za thangata, za kumenyedwa, ndi za mwambo wowakakamiza kuvula chipewa akakumana ndi mzungu.

Mu 1924 kudabwera nthumwi za Phelps-Stokes Fund, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, pamodzi ndi mphunzitsi wa ku Gold Coast, James Aggrey. Nthumwizi zidalimbikitsa maphunziro ogwirizana ndi moyo wa kumudzi, potengera chitsanzo cha Tuskegee ndi Hampton. Boma lidakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 lidatsegula Jeanes Training Centre ku Domasi. Aphunzitsi ankapita kumeneko ndi mabanja awo. Amuna ankaphunzira kuyendera sukulu, ulimi ndi ukhondo wa m'mudzi, pamene akazi awo ankaphunzira kulera ana, kusoka ndi kuphika.

Ndondomeko ya ku Domasi inali ndi zabwino zake. Inkaona mudzi wonse ngati sukulu, ndipo inkawerengera amayi. Koma tiiyike pambali pa mfundo iyi: sukulu ya sekondale yoyamba m'dziko muno, Blantyre Secondary School, idayamba mu 1940, patapita zaka zoposa 60 chiyambire sukulu za mishoni. Kwa nthawi yonseyi mwana wanzeru ankatha kuphunzira kuumba njerwa ndi kuphika, koma khomo lopita ku udokotala, ku zamalamulo kapena ku uinjiniya linali lotseka, pokhapokha atatuluka m'dziko. Ndi chifukwa chake mabungwe a anthu akuda ankapempha maphunziro apamwamba mobwerezabwereza. Sikuti ankanyoza ntchito za manja. Ankakana zoti ntchitozo zikhale malire.

Moyo wa Daniel Sharpe Malekebu ukusonyeza bwino zimenezi. Iye adayambira ku Mbombwe ali mnyamata, adatsatira Emma DeLany ku America, adaphunzira udokotala ku Meharry Medical College, ndipo mu 1926 adabwerera ndi mkazi wake Flora kudzatsegulanso Providence Industrial Mission. Anthu adaumbanso njerwa, adawotchanso mauvuni, n'kumanga tchalitchi china. Pa iye mutu ndi manja zidayendera limodzi, koma adayenera kuwoloka nyanja kuti zimenezi zitheke.

Mawu omaliza

Mbiriyi ikutithandiza kumvetsa chifukwa chimene makolo ambiri mpaka lero amaonera maphunziro a ntchito za manja ngati kopita mwana amene walephera mayeso. Maganizowa sadangobadwa okha. Adachokera ku nthawi imene ntchito za manja zinkaperekedwa m'malo mwa maphunziro apamwamba, osati pamodzi nawo. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, likugwira ntchito pakati pa anthu amene akukumbukirabe zimenezi.

Funso la umwini nalo silinathe. Mayi amene wamanga uvuni wake ndi kumagulitsa masikono pamsika ali patsogolo pa khukhi wa nthawi ya atsamunda, chifukwa uvuni ndi phindu nzake. Komabe tirigu wolimidwa m'dziko muno, m'madera ozizira monga Tsangano ndi Neno, ndi wochepa kwambiri, ndipo ufa wambiri umadalira tirigu wogula kunja. Kwacha ikagwa, mtengo wa ufa umakwera, ndipo sikono imachepa. Maphunziro amene angamuthandize mayiyu ndi amene angamuphunzitse kusanja njerwa ndi kukanda mtanda, komanso kuwerengera phindu, kusunga nkhuni, ndi kumvetsa chifukwa chimene ufa ukukwerera mtengo.

Choncho, sukulu iliyonse imene ikunena kuti ikuphunzitsa mwana yense, mutu, mtima ndi manja, ndingaifunse mafunso awiri amene ndawatenga ku Mbombwe ndi ku Domasi. Kodi zimene ophunzira akumanga ndi kuphika zidzakhala za yani? Nanga wophunzira akafuna kupitirira uvuni, kodi njira ilipo?