Tulo ndi kuthira msanga: zikukumana pati?

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 27, ndimakhala ku Lirangwe ndipo ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Chibadwire changa, tulo sitindibwerera msanga. Ngakhale ndilowe m'bulangete 9 koloko, ndimangotembenuka mpaka pakati pa usiku, komatu 4 koloko m'bandakucha ndimakhala ndili pamsewu kunyamula amayi a geni. Chaka chino ndayamba kuthira msanga tikakhala kuchipinda ndi mayi a kunyumba, zomwe kale kunalibe. Anzanga pasiteji akuti ndizitafuna gondolosi, ena akuti alipo wandilodza. Vutoli limachokera kuti?

YANKHO: Achimwene, palibe wakulodzani. Gwero la nkhaniyi mwalitchula nokha m'kalata yanu, ndipo ndi tulo.

Munthu aliyense ali ndi wotchi m'thupi. Ili mu ubongo, pamwamba pa malo amene mitsempha yochokera ku maso imapingasana, ndipo ndi kachigawo kakang'ono ka maselo pafupifupi 20,000. Kuwala kukalowa m'maso, kachigawoka kamadziwa kuti kwacha; mdima ukagwa, kamalamula thupi kutulutsa melatonin, imene imaitana tulo. Zoti zamoyo zimasunga nthawi pazokha zinaonekera mu 1729, pamene Jean-Jacques d'Ortous de Mairan wa ku France anatsekera kachitsamba ka mimosa mumdima n'kupeza kuti masamba ake akutsegukabe usana ndi kutsekeka usiku. Mu 2017, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel chifukwa chotulukira, pofufuza tintchentche ta pazipatso, tizinthu ta chibadwa timene timayendetsa wotchiyi.

Koma wotchi za anthu siziyenda chimodzimodzi. Alipo olawira, amene 8 koloko madzulo ayamba kale kusinza koma tambala woyamba amawapeza ali maso. Alipo ochezera, onga inuyo. Mu 1976, Jim Horne ndi Olov Östberg anakonza mafunso 19 osiyanitsira magulu awiriwa, ndipo ofufuza akuwagwiritsabe ntchito mpaka lero. Zina munthu amatengera kumtundu, zina ndi msinkhu: wotchi imachedwa kwambiri munthu akakhala wa zaka pafupifupi 20, kenako imanka nifulumira pang'onopang'ono. N'chifukwa chake agogo amasesa pabwalo kusanache pamene adzukulu ali mtulo tofa nato.

Kuchezera si ulesi, si matendanso ayi. Vuto limabuka wochezera akamakakamizidwa ndi ntchito kukhala ngati wolawira. Werengerani nokha: kuyambira pakati pa usiku kufika 4 koloko ndi maola anayi okha, chonsecho munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7. Ngongole imeneyi thupi limaibweza penapake.

Mu 2011, Rachel Leproult ndi Eve Van Cauter a ku University of Chicago anatenga anyamata 10 athanzi n'kuwalola kugona maola asanu okha usiku uliwonse kwa sabata imodzi. Testosterone, imene imapatsa mwamuna chilakolako ndipo imakwera munthu ali mtulo, inatsika ndi 10 mpaka 15 peresenti. Kuchoka pamenepo kufika pa vuto lanu njira yake ndi yokhota. Mwamuna wotopa mphamvu zimamuchepera, ndipo akazindikira kuti thupi likhoza kufooka ali pakati, amayamba kuthamanga kuti amalize lisanafooke. Zikachitika kawiri katatu, mantha amalowapo. Usiku wotsatira amalowa kuchipinda mtima uli m'mwamba, ndipo nkhawa yomweyo ndiyo imafulumizitsa zinthu. Madokotala amadziwa bwino kuti kufooka ndi kuthira msanga kawirikawiri zimayendera limodzi.

Palinso serotonin. Inu mumadziwa kuti njinga yopanda buleki sitsika mtsetse bwino. Mu ubongo, serotonin ndiye buleki wa umuna. Madokotala anaona kuti odwala amene amamwa mankhwala a matenda a nkhawa okweza serotonin amachedwa kumaliza, ndipo nzeru imeneyi ndiyo inabala dapoxetine, mankhwala amene anavomerezedwa m'mayiko ena a ku Ulaya mu 2009. Melatonin ija ya tulo thupi limaipanga kuchokera ku serotonin yemweyu. Kafukufuku wambiri wasonyezanso kuti ochezera ndiwo amavutika kwambiri ndi nkhawa, ndiponso amasuta ndi kumwa kuposa olawira, ndipo zonsezi sizimusiya bwino mwamuna kuchipinda.

Tsono "msanga" ndi mphindi zingati? Apa ndiime pang'ono, chifukwa zodzitama za pasiteji zasokoneza amuna ambiri abwinobwino. Mu 2005, Marcel Waldinger ndi anzake anapatsa wotchi mabanja 500 a ku Netherlands, Britain, Spain, Turkey ndi America. Mwamuna wapakatikati ankatha mphindi 5.4 zokha. Mu 2014, bungwe la International Society for Sexual Medicine linanena kuti ndi matenda ngati mwamuna chiyambire amathira mkati mwa mphindi imodzi, kapena ngati kale ankakhalitsa koma tsopano sakupitirira mphindi zitatu, akulephera kudziletsa, ndipo zikumusowetsa mtendere. Lanu ndi la mtundu wachiwiriwu, lochita kubwera, ndipo lotere kawirikawiri limachoka gwero lake likapezeka.

Yambani ndi wotchi. Imamvera kuwala kuposa china chilichonse, choncho foni ikhale patali ikangokwana 8 koloko, nyali ichepe, ndipo nthawi yodzuka ikhale imodzimodzi ngakhale Lamulungu. Zakumwa zopatsa mphamvu zimene mumagula masana kuti musasinze pamsewu wa M1 zimakhalitsa m'magazi maola ambiri, n'kukubani tulo ta usiku. Masana makasitomala akachepa, gonani mphindi 20 kapena 30 pamthunzi. Kuchipindako yesani njira imene Dr James Semans anafotokoza mu 1956: mukamva kuti mwayandikira, imani, dikirani mpaka zitsike, kenako pitirizani, katatu konse musanamalize. Imafuna masabata angapo komanso kuti mayi a kunyumba adziwe chimene mukuchita, ndiye auzeni. Kondomu nayo imathandiza ena.

Gondolosi anthu amamutafuna kuti autse chilakolako, koma inu chilakolako si chimene chasowa, ndipo muzu subweza tulo. Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi tramadol wogula mwamseri: amachedwetsadi, koma amalowerera m'thupi mpaka munthu osatha kukhala popanda iye, ndipo amatha kugwetsa khunyu, inu muli panjinga ndi munthu kumbuyo. Chenjeraninso ndi zakumwa "za abambo"; mu 2019 dziko la Zambia linaletsa chakumwa china chitapezeka ndi sildenafil, mankhwala a mu Viagra. Pakatha miyezi iwiri osasintha, kapena ngati mukumva kuotcha pokodza, pitani kuchipatala cha Lirangwe kapena ku Mlambe ku Lunzu. Akayeze shuga, BP, prostate ndi chithokomiro, pakuti kutupa kwa prostate ndi chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso zimathiritsa msanga. Zikafunika akatswiri, adzakutumizani kuchipatala cha Queens.

FUNSO: Ndine mayi wa ku Chileka. Amuna anga ndi mlonda wa usiku. Akabwera m'mawa amakhala olefuka, ndipo tikakhala malo amodzi sachedwa kumaliza. Kodi ayamba kuyenda njira?

YANKHO: Mayi, musathamangire kuwaganizira zimenezo. Mu 2017, madokotala a ku Baylor College of Medicine ku Houston anapeza kuti amuna ogwira ntchito mashifiti amene sagona bwino amadandaula kwambiri za kuchepa mphamvu kuchipinda kuposa anzawo ogona bwino. Tulo ta masana n'topepuka chifukwa wotchi ya m'thupi imakhala ikunena kuti kwacha, kuwonjezera apo kutentha kwa ku Chileka m'mwezi wa October pansi pa malata. Tchingani mawindo ndi nsalu yokhuthala, ana azisewera kutali ndi chipinda, ndipo abambowo agone kaye maola okwanira. Nkhani ya kuchipinda muziisungira madzulo atadzuka ndi kudya, kapena tsiku limene ali pa ofu. Zikachitika kuti amaliza msanga, musawaseke kapena kuwatembenukira msana, chifukwa manyazi a lero ndiwo adzawafulumizitse mawa. Ngati akuonda, akumva ludzu pafupipafupi kapena akukodza kawirikawiri, aperekezeni kuchipatala akayezetse shuga.