Za Machona ndi Kubwera kwa Adzukulu Awo

Abale, gombe lathu la Nkhotakota linataya ana ake kawiri, ndipo nkwabwino kuti tidziwe mbiri yake, kuti mlendo akaima pabwalo kufunsa manda a makolo ake tisamuyese munthu wodzalanda munda.

Kutaya koyamba kunali kwa ukapolo. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, wotchedwa Jumbe, anamanga pano, ndipo zombo zake zamatanga zinkaolotsa anthu ndi minyanga kunka kutsidya, kumene ankayamba ulendo wapansi wa ku Kilwa. David Livingstone anaona malondawo atafika kuno mu 1861. Ooloka motero sanabwerenso, pakuti ambiri anagwidwa ali ana, naiwala mudzi ndi mfunda womwe.

Kutaya kwachiwiri kunadza ndi msonkho wa nyumba. Boma la Angerezi linafuna ndalama, koma mpunga ndi nsomba sizinkakwanira kupezetsa mwamuna msonkho, nsalu ndi khasu. Tsono anyamata ananyamuka m'magulu, nayenda pansi milungu yambiri, naoloka Zambezi pa Tete kapena pa Feira, kunka ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, dziko limene lero litchedwa Zimbabwe. Ena anapitirira mpaka ku Johannesburg, kumene anthu athu amati ku Joni. Mu 1903 anayamba kulemba amuna a dziko lino ku migodi ya golide. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa, popeza ambiri ankafa ndi chibayo. Koma m'ma 1930 njira ya Wenela inatsegukanso.

Mu 1935 boma la Nyasaland linaika akuluakulu kuti afufuze za ulendowu, ndipo iwo anayerekeza kuti amuna okwana 120,000 anali kunja kwa dziko, ndiko kunena kuti mwa amuna anayi alionse mmodzi kunalibe. Kulemba kwa Wenela kunaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo.

Ambiri anabwera ndi njinga ndi mabulangete. Koma ena anakhalitsa, makalata naleka, ndipo kumudzi anawatcha machona. Si onse anachona chifukwa chouma mtima. Wina anadwala, wina anakwatira komweko, ndipo wina anachita manyazi kufika chimanjamanja pamaso pa alongo ake atatha zaka 20 kuchilendo.

Apa ndipo pali chisoni chachikulu. Mwa mwambo wathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini wake ndiye malume. Koma kwa Ashona mwana ndi wa kuchimuna. Chotero mwana wa Mchewa wobadwa kwa mayi wachishona ankauzidwa kumeneko kuti kwanu ndi kwa atate ako, ndipo akafika kuno ankamva kuti kwanu ndi kwa amako. Nkhaniyi inakula mu 2000, pamene mafamu a Azungu analandidwa, antchito ambiri a mtundu wathu nasowa pokhala. Ndipo lamulo la mu 2001 linachotsa ambiri a iwo pa kaundula wa nzika. Malamulo atsopano a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo, koma pamenepo ambiri anali atayamba kale kufunsa njira ya kumudzi kwa agogo awo.

Nanga banja lofuna kusonkhanitsa mbumba yake yobalalika lichite bwanji? Choyamba, a kunjawo afunse okalamba akali moyo zinthu zitatu: dzina limene agogo ankadziwika nalo kumudzi, pakuti ambiri anasintha maina kuntchito, mfunda wawo, kaya Phiri, Banda kapena Mwale, ndi dzina la nyakwawa ndi mfumu yaikulu, kaya Malengachanzi, Kanyenda kapena Mwadzama. Chachiwiri, atumize mawu kwa mwini mbumba asananyamuke, kuti iye akadziwitse amfumu, pakuti mlendo salowa m'mudzi mobisa. Chachitatu, asankhe nyengo yachilimwe, mpunga utakololedwa ndi misewu itauma, ndipo agwirizane poyera za zopereka, kuti nkhokwe ya nyumba imodzi isathe podyetsa khamu lonse.

Akafika, ayambe ndi malonje ndi kuona manda, ndipo afotokoze kumene wochonayo anaikidwa, kuti alongo ake kapena ana awo alire maliro amene sanalire. Za munda ndi malo zisatchulidwe tsiku loyamba. Munthu mmodzi wodziwa kulemba akhale pansi ndi okalamba, alembe maina onse m'buku, ndipo mbali zonse ziwiri zisunge zolembazo.

Ndipo ife a kumudzi tili ndi gawo lathu. Tisapenyetsetse katundu wa mlendo, kapena kumseka polankhula Chichewa chopunduka, pakuti manyazi otere ndiwo anatsekereza agogo ake. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Amene anaoloka ndi zombo za Jumbe sitingathe kuwaitananso, popeza maina awo anatayika. Koma maina a machona akali m'kamwa mwa okalamba athu, ndipo tiwalembe okalambawo asanatisiye.