Mpando wa m'Hotela ya Ryall ndi Ana a ku Kande

Munthu wa ku Kande akafika ku Blantyre lero ali ndi ndalama m'thumba, akhoza kulowa madzulo m'hotela ya Ryall, pa msewu wa Hannover, nakhala pa mpando wofewa m'chipinda chochezeramo, naitanitsa chakumwa chozizira, ndipo palibe womufunsa za khungu lake. Anyamata a makono ayesa ichi chinthu chachabe. Koma ife tifuna kukumbutsa owerenga athu kuti mpando umenewo unagulidwa ndi mtengo, ndi kuti anthu a m'mbali mwa nyanja, a ku Kande, Bandawe ndi Chintheche, analipirako gawo lalikulu.

Hotelayi inatsegulidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920. M'menemo Azungu a minda ya fodya ndi tiyi, amalonda, ndi akulu a Boma ankasonkhana dzuwa litalowa, namwa wisiki ndi jini. Munthu wakuda sankalandiridwa monga mlendo m'mahotela otere. Malo ake anali kukhitchini, kapena kuimirira ndi matambula m'manja. Ndiponso, potsata pangano la ku Brussels la chaka cha 1890, malamulo a Nyasaland analetsa kugulitsa zakumwa zaukali za Azungu kwa eni dziko. Tsono wonyamula tambula analibe chilolezo chakulawa za m'kati mwake.

Nanga a ku Kande alowamo bwanji m'nkhani iyi? M'chaka cha 1881 Dotolo Robert Laws anasamutsa mishoni kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe, pafupi ndi Kande, ndipo Atonga anathamangira sukulu koposa mitundu yambiri. Kuyambira zaka za m'ma 1880 anayamba kupita ku Blantyre kukagwira ntchito kwa Mandala, ndipo pambuyo pake anafika ku Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg, ena akalaliki, ena akapitawo, ena ophika ndi operekera patebulo. Popeza anadziwa Chingerezi, anamva zonse zonenedwa pa iwo ndi anthu okhala pa mipando, nazisunga mumtima.

Pano pali kanthu koyenera kulingalira. Mpingo wa ku Bandawe unaletsanso anthu ake kumwa mowa. Koma kuletsa kuwiri kumeneku sikufanana konse: pakuti kwina munthu akusenza yekha mwa kufuna kwake, pamene kwina amsenzetsa chifukwa cha kubadwa kwake. Ngakhale iye wosamwa konse anamva manyazi a chitseko chotsekeka.

Chitsekocho sichinatseguke chokha. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analamula kumanga atsogoleri a Kongeresi amene anakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Tsiku lomwelo khamu linasonkhana pa doko la Nkhata Bay, pomwe omangidwa anaikidwa m'sitima ya Mpasa, ndipo asilikali anaombera, napha anthu osachepera 20. Chaka chomwecho Orton Chirwa, mwana wa boma la Nkhata Bay, anayambitsa Malawi Congress Party, pamodzi ndi mnyamata Aleke Banda, wa kwawo ku Tukombo, kum'mwera kwa Kande.

Ndipo taonani, mu Januwale 1960 Harold Macmillan, nduna yaikulu ya Britain, anadza kudzadya chakudya cha masana m'hotela ya Ryall momwemo. Pamene alendo anakhala patebulo m'kati, anthu a chipanicho anadzaza pabwalo, nafuula kuti Dotolo Banda amasulidwe, nakankhana ndi apolisi pamaso pa olemba nyuzi a ku London. Mbiri yake inamveka ku Britain, kotero kuti woweruza Southworth anaikidwa kufufuza mlanduwo. Pa 3 Febuluwale Macmillan ananena ku Cape Town za mphepo ya kusintha yoomba m'Afirika. Pa 1 Epulo Dotolo Banda anatuluka m'ndende ya Gwelo. Ndipo pa 6 Julayi 1964 dziko linalandira ufulu. Pofika 1968, pamene Carlsberg anatsegula nyumba yofululira mowa ku Blantyre, mowa wa m'mabotolo unali wa yense wokhoza kugula.

Chifukwa chake, mbale wanga wa kunyanja, mukakhala pa mpando uja usiku wina, kaya mwaitanitsa mowa kaya tiyi, chitani ziwiri. Musamwe monga munthu wopanda mwambo, kuti ufulu wogulidwa ndi mwazi ungathere m'tambula, ana ali kumudzi osowa ndalama za sukulu. Ndipo mnyamata akadza ndi chakumwa chanu, mumuyang'ane kumaso ndi kumuyamika, pakuti pamalo aimapo iyeyo mpamene anaima agogo anu.