Mpanda wotchinga boma: kuchokera mu 1964 kufika pa Heroes

Bwalo la National Heroes silili kutali ndi Kabanana. Pamenepo, pa 5 Januwale 2016, a Edgar Lungu adasayina malamulo oyendetsera dziko okonzedwanso, khamu likuonerera. Koma kayambeni nkhani ya malamulowa m'minibasi yochokera m'tauni, simulephera kumva wina akuti: "Izo n'za maprofesa, ife tifuna unga." Mawuwa amandipweteka, ngakhale ndikudziwa kumene adachokera.

Malamulo a 1964 adali ndi loko: ndime zikuluzikulu sizikadasinthidwa popanda kufunsa anthu pa referendamu. Mu 1969 boma la a Kenneth Kaunda lidapempha anthu kuti avote kuchotsa lokoyo, ndipo adavomera. Chaka chomwecho achinyamata adathyola khoti lalikulu ku Lusaka, atakwiya kuti woweruza wamasula asilikali awiri a Chipwitikizi, ndipo mkulu wa oweruza, a James Skinner, adasiya ntchito. Mpanda udayamba kugwa pamenepo.

Mu 1972 kudabwera komiti ya a Mainza Chona. Sidaloledwe kufunsa ngati anthu akufuna chipani chimodzi, koma mmene chipanicho chilamulire basi. Komabe idalimba mtima n'kunena kuti pulezidenti akhale ndi malire a zaka zolamulira. Boma lidakana mfundoyo, ndipo a Kaunda adakhala mpaka 1991. Ophunzira akatsegula pakamwa, yankho lidali kutseka University of Zambia, monga zidachitikira mu 1971 ndi 1976.

Chizolowezi chidakhazikika: boma lisankha anthu odziwa malamulo, iwo azungulira dziko kumva maganizo, alemba lipoti lonenepa, kenako nduna zitolamo zowakomera. Komiti ya a John Mwanakatwe idaona zomwezo. Zambiri zimene idalemba zidatayidwa, koma mu 1996 mudalowa ndime yakuti makolo onse awiri a wofuna upulezidenti akhale nzika za Zambia mwa kubadwa kapena mwa makolo awo, ndipo a Kaunda adatsekeredwa kunja. Lipoti la a Willa Mung'omba la 2005 lidatsatidwa ndi msonkhano wautali umene zolemba zake zidafera m'Nyumba ya Malamulo mu 2011. Mayi wogulitsa tomato ataona zonsezi, angalekerenji kuganiza kuti anthu ophunzirawa amangodya ndalama za misonkhano? Koma ine ndikuti mlandu waukulu uli kwa wong'amba lipoti, osati kwa wolemba.

Ndipo taonani pamene mpanda udaimadi. Mu Juni 1990 mtengo wa unga utakwera, ophunzira a pa yunivesite adatuluka, anthu a m'Kalingalinga ndi Mtendere n'kuwatsatira, moto n'kufalikira m'makomboni. Anthu adafa. Chaka chotsatira, komiti ya a Profesa Patrick Mvunga itagwira ntchito, malamulo a 1991 adalemba zimene a Chona adakanizidwa: pulezidenti alamulire kawiri kokha, zaka zisanuzisanu. Mu 2001 a Frederick Chiluba atafuna kachitatu, maloya, mipingo ndi mabungwe a amayi adagwirizana mu Oasis Forum, anthu adavala timaliboni tobiriwira, magalimoto adaliza mahutala, mpaka mwini wake adagonja. Mutu umodzi susenza denga: loya adadziwa ndime, komboni idapereka mphamvu.

Malamulo a 2016 adabweretsa Khoti la Malamulo Oyendetsera Dziko ndi lamulo lakuti wopambana apose theka la mavoti. Bill 10, yofuna kusinthanso malamulowa, idagwa m'Nyumba ya Malamulo mu Okutobala 2020, itapeza aphungu 105 pomwe pamafunika 111. Koma gawo lokhudza wa ku Kabanana mwachindunji, la ufulu wa madzi, nyumba ndi chipatala, lidakanika pa referendamu ya 11 Ogasiti 2016 chifukwa mavoti ovomera sadafike pa mlingo wofunika.

Inu a ku Kabanana, komiti ina ikadzabwera kudzamva maganizo, pitani, ndipo mukafunse kuti gawo limenelo libwerera liti.